Mlonda wa Mlongoti

Kumtunda kwa Naryn, kumene msewu umatopa
n'kusanduka kanjira ka nkhosa,
kuli kanyumba ka malata, jenereta,
ndi mlongoti wa mizere yofiira ndi yoyera.
Dzina langa ndi Zholdosh.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndakhala ndikudyetsa chitsulochi magetsi.

Akumunsi amati zithunzi zimabadwira m'bokosi la pabalaza.
Alekeni azitero.
Ulendo wake ndimaudziwa ndine:
kamera imameza kuwala kwa nkhope,
maikolofoni imatola mawu asanagwe pansi,
m'chipinda chamdima wina amasankha chithunzi ndi chala chimodzi,
kenako dishi ya ku Bishkek imalavulira zonsezo kumwamba,
kwa setilaiti imene palibe mwa ife adaionapo.
Iyo siumira, imabweza msangamsanga
ngati mnansi wosagoneka mbale ya eni,
ndipo zimagwera kuno, m'dishi yanga yozizira.
Thiransimita imazinenepetsa,
mlongoti n'kuzimwaza m'zigwa
monga timamwazira ziweto mchere.

Mafunde amenewa sanyowetsa munthu.
Amadutsa pakati pa akavalo osawadzidzimutsa,
amakakodwa pa eriyo yopindika ya m'busa.

Ikakwana seveni madzulo ndimatsuka m'manja,
ndimakhala tsonga patsogolo pa kasikirini koyesera.
Wowerenga nkhani ndi Aizirek, mwana wanga,
yemwe adaphunzira kuwerenga pa zilembo za mabokosi a mafyuzi.
Pakona amalemba kuti pompopompo.
Ine ndimaseka chamumtima,
pakuti ndikudziwa kuti amandipeza mochedwa ndi kuphethira kumodzi:
njira ya kumwamba ndi yaitali.

Dzulo chipale chidadzaza dishi.
Nkhope yake idasweka timabokosi timabokosi,
mlomo uku, diso uko,
mawu adaima pakati pa dzina la mzinda.
Kale, m'masiku a analogi, chithunzi chinkadwala pang'onopang'ono:
chinkachita mchenga, chinkabala mzukwa pambali pa munthu,
koma unkamuzindikirabe wako.
Dijito sadwala. Amangofa.

Foni idalira. Kubanych wa kutsidya kwa mtsinje:
dikoda yanga ikuti palibe siginolo,
kodi wagona kumeneko, nkhalamba iwe?
Sindidamuyankhe.
Ndidavala chikhoti cha chikopa, ndidatenga tsache ndi tochi.
Mphepo idandiwomba mbama pakhomo pomwe.
Makwerero adali oterera ngati nsomba,
zala zidaiwala kuti ndi zanga.
Ndidasesa mbale yachitsuloyo
monga ndinkapukutira nkhope yake ali wamng'ono,
kuyambira pachipumi kutsikira kuchibwano,
ndikunong'ona kuti usalire, zatha, zatha.

Nditabwerera m'kati, singano ya mita idali itadzuka.
Timabokosi tija tidagwirana manja,
diso lidabwerera kwa linzake,
ndipo iye, wathunthu, wosadziwa kanthu,
ankauza dziko lonse kuti kumapiri kugwa chipale usiku uno.
Ndamva, mwanawe. Chili m'makutu mwangamu.

Akuti chaka chamawa kompyuta ya kumzinda
ndiyo izidzayang'anira malo ano.
Idzadziwa kutentha kwa makina, mphamvu ya mafunde,
tchanelo chilichonse ndi nambala yake.
Tsache lokha sindikudziwa adzalipatsa yani.

Nkhani zikatha amasonkhanitsa mapepala ake,
amayang'ana m'diso la kamera,
galasi lakuda lopanda munthu m'kati,
n'kunena kuti mugone bwino.
Nyumba zikwizikwi zimamva mawu amenewo,
koma asanafike kwa aliyense wa m'chigwachi
amayamba adutsa m'kanyumba kanga.
Ndimamuyankha mokweza,
ngakhale ndikudziwa bwino lomwe, ine wa ntchitoyi,
kuti mlongoti uli ndi pakamwa pokha,
ulibe makutu.